Tilolere Mpaka Pati? Phunziro kwa Osamalira Anthu a Ulumali wa Muubongo

Phunziro ili ndalikonzera inu amene mumalowa m'makomo a anthu kuno kwa Mlolo, m'boma la Nsanje: alangizi a zaumoyo, aphunzitsi a kupulaimale, alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, a m'makomiti oteteza ana, atsogoleri a mipingo, komanso makolo ndi agogo amene ntchitoyi ili m'manja mwawo usana ndi usiku. Nkhani yake ndi iyi: mwana kapena wamkulu wa ulumali wa muubongo akamamenya anzake, kudziluma, kukuwa, kuswa zinthu kapena kuthawa pakhomo, omusamalira amalolera mpaka pati? Nanga malirewo amawaika ndani? Tiyamba ndi kuwadziwa anthu amene tikuwanena, kenako tiona mmene malire a kulolera amasiyanirana pakati pa mitundu ya anthu, ndipo tikatero tikambirana zochita pakhomo.

Tikunena ndani?

Ulumali umene tikukamba uli ndi zizindikiro zitatu zoyendera limodzi. Munthu amavutika kuphunzira ndi kumvetsa zinthu kuposa anzake amsinkhu wake. Amavutika kudzichitira za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuvala, kuwerengera ndalama kapena kutumidwa kumsika. Ndipo vutoli limayamba adakali mwana. Si misala ayi. Si khunyunso, ngakhale kuti ena mwa iwo amagwa khunyu. Ena ulumali wawo ndi wochepa: amalima, amakwatira, amangofuna wowathandiza pa zina. Ena amafuna kudyetsedwa ndi kusambitsidwa moyo wawo wonse.

Ena amabadwa nawo, monga ana a Down syndrome. Ena amabanika pobadwa, ubongo n'kusowa mpweya. Chikasu champhamvu cha khanda, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, kuchepa kwa ayodini m'thupi la mayi woyembekezera, ndi mowa umene mayi amamwa ali ndi pakati, zonsezi zimatha kuvulaza ubongo umene ukukula. Kuno kuchigwa tiyenera kutchula mwapadera malungo a muubongo. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana amene anachira ku malungo amenewa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2010 zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi khunyu, ulumali wina, kapena khalidwe lovuta kuliwongolera. Choncho mayi akakuuzani kuti, "Mwanayu anali bwinobwino, koma chidwalireni malungo aakulu aja samva, amangomenya anzake," mumukhulupirire. Sakubisa kulephera kwake kulera.

Pa kalembera wa 2018, anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo anapezeka ndi ulumali wa mtundu wina uliwonse, ndipo mwa iwo pafupifupi 16 pa 100 anali ndi vuto la kuphunzira ndi kumvetsa. M'midzi imene mumayendayo anthu otere alimo ndithu.

Khalidwe lovuta n'lotani?

Katswiri wa ku Britain, Eric Emerson, mu 1995 anafotokoza khalidwe lovuta m'njira imene ambiri akuitsatirabe. Anati ndi khalidwe lachilendo malinga ndi chikhalidwe cha kumaloko, limene mphamvu yake, kubwerezabwereza kwake kapena kutalika kwake kumaika munthuyo kapena ena pangozi, kapena kumamutsekereza kupita kumene anzake amapita, monga kusukulu, kutchalitchi ndi kumsika. Kafukufuku wa ku England anapeza kuti anthu pakati pa 10 ndi 15 pa 100 aliwonse a ulumali umenewu ali ndi khalidwe lotere. Ambiri alibe.

Mukaonetsetsa, m'kufotokozako muli anthu awiri: wochita ndi woona. Khalidwe silikhala vuto palokha. Pamafunika wina woti anene kuti "izi zanyanya." Phunziro lathu lagona pa munthu wachiwiriyo.

Malire amasiyana

Mu 1988 John Weisz ndi anzake anapatsa makolo, aphunzitsi ndi akatswiri a zamaganizo a ku Thailand ndi a ku America nkhani zofanana za ana awiri, wina wosamvera ndi wandewu, wina wamantha ndi wamanyazi. Anthu a ku Thailand anaona kuti mavutowo si aakulu kwenikweni ndipo adzatha mwana akamakula. A ku America anada nawo nkhawa kwambiri. Ana a m'nkhanizo sanali a ulumali, koma mfundo yake ikutikhudza: mwana mmodzimodzi, khalidwe limodzimodzi, koma mtundu wina ukuthamangira kuchipatala pamene wina ukudikira.

Tibwere kwathu. Dokotala wa ku London akaona mwana wosayang'ana wamkulu m'maso amalemba kuti ndi chizindikiro choyenera kufufuza. Kuno mwana wozolika pamaso pa akulu timati ndi waulemu. Mwana wosakhazikika, wongothamangathamanga, amasowetsa mtendere banja lokhala m'nyumba yosanjikizana ya m'tauni, pamene kumudzi ali ndi bwalo, mbuzi zothamangitsa ndi anzake omuyang'anira. Mnyamata amene walephera Sitandade 2 kangapo, m'dziko limene moyo wonse umadalira kuwerenga, amaoneka wopanda tsogolo. Ku Muona mnyamata yemweyo atha kupirikitsa mbalame mu mpunga, kutunga madzi ndi kutola nkhuni, n'kukhala munthu wofunika pabanja. Pamenepa chikhalidwe chathu chili ndi mphamvu, ndipo tisachipeputse.

Koma nafenso tili ndi zathu zimene sitilolera ngakhale pang'ono. Mwana wodutsa akulu osapereka moni. Wolandira chinthu ndi dzanja lamanzere. Wonena kuti "iwe" kwa nyakwawa. Wopisa m'mbale ya alendo osasamba m'manja, woseka pamaliro, wovula pamjigo anthu akuona. Izi zimatichititsa manyazi, ndipo manyazi ndi amene amatulutsa ndodo msanga. Tsono yang'anani mbali inayo. Mwana wongokhala pakhonde tsiku lonse, osalankhula, osasewera, timamuyamikira kuti ndi wofatsa. Wodzimenyetsa mutu kukhoma timati, "Musiyeni, ndi mmene anabadwira." Wodya dothi ndi makala, wodziluma dzanja mpaka chilonda chosapola, timangomuzolowera. Zaka zimapita osamutengera kuchipatala chifukwa sakuvutitsa aliyense.

Apa ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse. Nthawi zambiri timalanga zimene zikutichititsa manyazi, n'kumalekerera zimene zikumuvulaza mwini wake. Kusapereka moni sikunaphepo munthu. Kudzimenya kumutu kumatha kuchititsa khungu. Choncho sindikukuphunzitsani kuti muzilolera zambiri, kapenanso kuti muzilolera zochepa. Ndikukuphunzitsani kusuntha malire, kuti muyeso ukhale wakuti "akuvulala ndani, akumanidwa chiyani," osati "anthu ationa bwanji."

Msinkhu nawo umasintha malire. Zimene anthu ankaseka mwana ali ndi zaka 5 amaziopa akafika zaka 17, thupi litakula, mphamvu zitachuluka. Mnyamata amayamba kuganiziridwa zoipa. Mtsikana amayamba kutsekeredwa m'nyumba poopa amuna ogwirira, ndipo manthawo si opanda pake. Ngakhale mtundu wa banja uli ndi gawo. Kwa Asena, kumene ana amawerengedwa kuchimuna, mayi amalerera mwana pakati pa abale a mwamuna wake, ndipo ngati apongozi akumuloza chala kuti ulumaliwo wachokera kwawo, amasenza yekha. Kwa Amang'anja, kumene mayi amakhala pakati pa abale ake, malume a mwana ali ndi mawu aakulu. Mukafika pakhomo, dziwani kaye amene ali ndi mawu pa mwanayo, chifukwa malire enieni amaika ndi iyeyo, ngakhale sakhala naye tsiku lonse.

N'chifukwa chiyani wina amapirira, wina ayi?

Choyamba ndi chimene wosamalirayo amakhulupirira kuti chikuchititsa khalidwelo. Bernard Weiner, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anaonetsa kuti tikaganiza kuti munthu akanatha kudziletsa, timakwiya ndipo sitifuna kumuthandiza, koma tikaganiza kuti sakanatha, timamumvera chisoni. Mawu amenewa mumawamva m'makomo. "Akuchitira dala ameneyu, amadziwa." Pakhomo potero pamakhala kumenya. "Sadziwa kanthu ameneyu." Pakhomo potero kumenya kumachepa, komanso palibe amene amamuphunzitsa chilichonse, ndipo amakula osadziwa ngakhale kugwira kapu. "Anamulodza," kapena "bambo ake anamukhwimira kuti alemere." Pamenepo ndalama za mapira ndi mbuzi zimathera kwa asing'anga, abale amadana, ndipo mwana amaopedwa. Zikhulupiriro zitatu zonsezi zimalephera pa chinthu chimodzi: palibe chimene chimafunsa kuti mwanayo akufuna kunena chiyani.

Chachiwiri ndi katundu amene wosamalirayo wasenza kale. Charles Masulani-Mwale wa ku St John of God ku Mzuzu ndi anzake anafufuza makolo a ana a ulumali umenewu kuno ku Malawi, ndipo mu 2018 anafalitsa zoti pafupifupi 4 mwa makolo 10 aliwonse anali ovutika maganizo. Inu a kuno mukudziwa kuti mtsinje wa Ruo ukadzaza mchenga, sufuna mvula yambiri kuti usefukire. Mtima wa mayi wosagona, wanjala, wothawidwa ndi mwamuna, uli chimodzimodzi: kukuwa kumene anakupirira dzulo, lero kumusefukiritsa. Mwana sanasinthe. Chachepa ndi malo mumtima wa womulera.

Kumbukirani madzi a mu Januwale 2015 ku Makhanga ndi ku Osiyana, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mabanja anasamukira m'misasa, m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, anthu ambiri malo amodzi. Munthu wa ulumali wa muubongo amadalira kwambiri chizolowezi: mphasa yake, mbale yake, njira yake ya kuchimbudzi. Zonsezi zikachoka tsiku limodzi, kukuwa ndi kuthawa zimachuluka, pa nthawi yomweyo imene anthu omuzungulira ndi achilendo, otopa, osamudziwa. Amene muli m'makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi, mabanja otere muziwalemba mvula isanayambe, ndipo pamsasa muziwapatsa malo a kumbali, kopanda phokoso.

Benedicte Ingstad, wa ku Norway, atakhala ndi mabanja a anthu aulumali m'boma la Kweneng ku Botswana m'zaka za m'ma 1980, anatsutsa zimene alendo ankanena zoti Aafirika amabisa ana aulumali chifukwa cha nkhanza. Anapeza kuti mabanja ambiri amayesetsa, ndipo pamene chisamaliro chalephera, kawirikawiri gwero lake ndi umphawi ndi kuchepa kwa manja ogwira ntchito pakhomo. Ndikugwirizana naye. Musalowe pakhomo pa munthu ngati woweruza.

Khalidwe lililonse lili ndi ntchito yake

Mu 1982 Brian Iwata ndi anzake ku America anaonetsa kuti ana odzivulaza sachita zimenezo mwachisawawa. Ena amatero kuti wina awayang'ane, ena kuti athawe ntchito yowavuta, ena chifukwa thupi lawo likumva kukoma kapena kupepukidwa. Pambuyo pake akatswiri anawonjezerapo kufuna chinthu, monga chakudya. Mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anapita patsogolo: anaphunzitsa ana njira ina yopemphera chomwe ankachifuna, ndipo khalidwe lovutalo linachepa kwambiri. Munthu amene alibe mawu amalankhula ndi thupi.

Koma musanafike kumeneko, yambani ndi ululu. Mwana wosalankhula amene wayamba mwadzidzidzi kudzimenya patsaya angakhale ndi dzino lobooka. Womenyetsa mutu angakhale ndi mafinya m'khutu. Kudzimbidwa, mphere, likodzo, njoka za m'mimba, malungo, njala, ludzu la mwezi wa Okutobala ndi kupweteka kwa msambo, zonsezi zimatha kuoneka ngati "kuvuta." Mankhwala nawo muwafunse. Phenobarbital, amene ana ambiri a khunyu amalandira, amatha kuchititsa ana ena kusakhazikika ndi kupsa mtima. Zikatero kholo lisasiye kumumwetsa palokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa khunyu loopsa. Lipite likafotokozere adokotala kuti aone ngati angasinthe.

Ululu ukapanda kupezeka, yang'anani zinthu zitatu kwa masiku angapo: chinachitika n'chiyani khalidwelo lisanayambe, munthuyo anachita chiyani kwenikweni, ndipo anthu anatani pambuyo pake. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9, wosalankhula, amene agogo ake akudandaula kuti amaluma azibale ake. Mutafunsa bwino mupeza kuti saluma tsiku lonse. Amaluma madzulo, nsima ili pamoto, ana ena atazungulira mbale. Akaluma, agogo amamupatulira yake msanga kuti pakhale bata. Mwaona kodi? Mnyamatayu waphunzira bwino lomwe kuti mano ndi amene amabweretsa nsima. Kumukwapula sikungamuchotsere njala kapena mantha oti anzake amutsirizira ndiwo. Chofunika ndi kumupatsa kachakudya nthawiyo isanafike, kumukhazika pamalo pake ndi mbale yakeyake, ndi kumuphunzitsa chizindikiro chimodzi chosavuta, monga kubweretsa mbale kwa agogo. Akabweretsa mbale, alandire nthawi yomweyo, ndi mawu omuyamikira. Akaluma, wolumidwayo ndiye asamalidwe, mnyamatayo achotsedwe pamalopo mofatsa, ndipo nsima ibwere akabweretsa mbale, osati chifukwa waluma. Masiku oyamba kuluma kungawonjezeke, chifukwa akuyesa njira imene inkagwira ntchito kale. Muwachenjezeretu agogo kuti asagwe ulesi. Ndipo onse apakhomo achite chimodzimodzi, chifukwa wina akamatsata njira yatsopano pamene wina akutsata yakale, mwanayo amasokonezeka.

Makolo ambiri amapempha "mankhwala oti afatse." Alipo, ndipo nthawi zina dokotala amawapereka pamene ngozi yakula. Koma dziwani kuti mu 2008 Peter Tyrer ndi anzake anayesa risperidone ndi haloperidol pa akuluakulu 86 a ulumali umenewu amene anali andewu, poyerekeza ndi mapiritsi opanda mankhwala. Ndewu inachepa m'magulu onse, ndipo omwa mapiritsi opanda mankhwala sanatsalire m'mbuyo. Kugonetsa munthu tsiku lonse si kumuthandiza.

Zimene sitingalolere kwa wosamalira

Malire ali mbali zonse ziwiri. Kumanga munthu ndi chingwe kapena unyolo, kumutsekera m'nyumba tsiku lonse, kumumana chakudya, kumuwotcha dzanja, kumumenya, izi ndi nkhanza, kaya wachita ndi kholo, mphunzitsi, sing'anga kapena wopempherera. Bungwe la Human Rights Watch mu 2020 linapeza mchitidwe womanga anthu a mavuto a muubongo m'maiko 60, choncho si vuto la kuno kokha. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lamulo latsopano limene linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kugona ndi mtsikana kapena mayi popezerapo mwayi pa ulumali wake wa muubongo ndi mlandu wa kupolisi, osati wokambirana pabwalo la mfumu n'kulipitsana mbuzi.

Komabe ndikudziwa chimene mayi wa kufupi ndi Shire angandiyankhe: "Aphunzitsi, ndikapita kudimba osamumanga, ndikamupeza m'madzi, ng'ona zili pomwepo." Mayi ameneyu akunena zoona, ndipo kumuwerengera lamulo n'kuchoka n'kumusiya mmene tamupezera. Chingwe chimachoka pokhapokha pakapezeka munthu wolowa m'malo mwake. Apa ndi pamene mpingo, gulu la amayi, banki m'khonde ndi nyakwawa ayenera kugawana masiku oyang'anira, kuthandiza kumanga mpanda, ndi kuuza a kabaza ndi opalasa mabwato kuti akamuona akuyenda yekha azimubweza kwawo mwaulemu. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo zoonadi, mwana akaphwanya ndowa ya eni kapena kuthyola chimanga m'dimba la wina, wolipa ndi kholo. Mafumu aweruze milandu yotere modziwa kuti chindapusa cholemera chimakabwezedwa pamsana pa mwanayo.

Ena amaganiza kuti yankho ndi kumutumiza kutali, kumalo osungirako anthu otere. Ku England, mu 2011, wailesi yakanema ya BBC inaulula nkhanza zimene ogwira ntchito ankachitira anthu a ulumali umenewu pa Winterbourne View, pafupi ndi Bristol. Ku Gauteng, m'dziko la South Africa, anthu 144 anamwalira atasamutsidwa mu 2016 kuchoka ku Life Esidimeni kupita kumalo osayenera. Kusungidwa m'malo otere sikunawateteze. Munthu amatetezeka bwino pamene ali pakati pa anthu omudziwa dzina, bola anthuwo akhale ndi owathandiza.

Kopita kulipo, ngakhale kuti ulendo wa ku boma ku Nsanje umafuna kuwoloka Shire kapena kuzungulira ku Thabwa. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo ndi sikelo ya ana, kumene kuchedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula kuyenera kuonekera msanga. Za ululu, khunyu ndi mankhwala pitani kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala cha Trinity ku Fatima. Za sukulu funsani mphunzitsi wamkulu kuti akulumikizeni ndi aphunzitsi a maphunziro apadera, amene ambiri amaphunzira kukoleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mwana waulumali ali ndi ufulu wolembedwa sukulu ngati wina aliyense. Za nkhanza kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu, nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndi nambala yaulere ya 116. Makolo paokha ali ndi bungwe lawo la PODCAM, ndipo ngakhale mabanja atatu okha a m'mudzi umodzi atha kuyamba kumakumana.

Ntchito yokachita

Aliyense asankhe banja limodzi limene amaliyendera kale, ndipo apemphe chilolezo kwa eni ake. Funsani wosamalirayo kuti atchule makhalidwe onse amene amamuvuta, inu mulembe osatsutsa. Kenako muwonjezere zimene mwaona nokha koma iye sanazitchule. Pa khalidwe lililonse mufunse kuti likuvulaza ndani, ndipo likumutsekereza munthuyo kupita kuti. Musankhe limodzi lokha, loopsa kwambiri, mulitsatire kwa sabata imodzi polemba chochitika lisanayambe ndi pambuyo pake. Musaiwale kufunsa wosamalirayo ngati akugona, ngati akudya, ndi amene amamulandirako akatopa. Ngati mwini wakeyo amatha kulankhula kapena kuloza, mumufunse iyenso. Polemba musatchule dzina la munthu kapena mudzi wake, ndipo mukapeza chilonda, chingwe kapena chizindikiro choti wagwiriridwa, musadikire tsiku la phunziro lotsatira, kaneneni tsiku lomwelo.